Ndege Zoyendetsedwa ndi Kompyuta Ziphunzire Kukwera ndi Mphamvu Imene Zili Nayo

Lero tikambirane za masewera a pakompyuta oyerekezera kuulutsa ndege, aja ambiri amangowatcha kuti simuleta, monga DCS World, IL-2 Sturmovik, Microsoft Flight Simulator, X-Plane ndi FlightGear. M'masewera amenewa munthu amayendetsa ndege imodzi yokha. Zina zonse zimene amaziona mumlengalenga, kaya ndi za anzake apagulu, za adani kapena zonyamula anthu, kawirikawiri zimayendetsedwa ndi kompyuta. Ndipo pali dandaulo limene silitha pakati pa osewera ndi anthu okonza maulendo a m'masewerawa, lakuti ndege za kompyutazi sizidziwa kukwera. Zina zikangonyamuka pabwalo zimaloza mphuno kumwamba n'kulowa m'mitambo, wosewera amene amayenera kuuluka nazo limodzi n'kutsala m'munsi, injini yake ili pamoto wonse. Zina zikalamulidwa kufika pamwamba kwambiri zimadzutsa mphuno mpaka liwiro kutha, zimapendekera uku ndi uku, zimatsika pang'ono, n'kuyambanso zomwezo. Zinanso zimafika pamalo ankhondo zikadali m'munsi, ulendo wonse n'kusokonekera. Ine ndikuona kuti matenda atatuwa gwero lake ndi limodzi. Kompyuta imauzidwa pamwamba poti ifike ndi nthawi yofikira, koma siuzidwa chimene wophunzira kuyendetsa ndege amamva kwa mphunzitsi wake kuyambira masiku oyamba: pokwera umasunga liwiro, ndipo mamita okwera umalandira amene injini yakupatsa.

Tiyambe ndi chimene chimakweza ndege. Ambiri amaganiza kuti ndege imakwera chifukwa woyendetsa wakoka chiwongolero, mphuno n'kudzuka. Kukoka chiwongolero kumangosintha kumene mphamvu ikupita. Ndege ikamauluka mowongoka, mbali ina ya mphamvu ya injini imathera polimbana ndi mpweya umene ukuibweza m'mbuyo. Yotsalapoyo ndi imene imakweza ndege, ndipo masamu ake ndi achidule: tengani mphamvu yotsala, muigawe ndi kulemera kwa ndege, mwapeza mamita amene ingakwere pa sekondi. Ndege yolemera makilogalamu 2,700, pafupifupi mmene inkalemerera Spitfire yoyambirira ya ku Britain, ma horsepower 100 aliwonse otsala amaikweza mamita osakwana 3 pa sekondi. Ikanyamula mabomba pansi pa mapiko imaluza pawiri, chifukwa kulemera kwawonjezeka ndiponso mpweya wapeza pogwira, choncho mphamvu yotsala yachepa. Liwiro nalo lili ndi mbali yake. Ndege ikamathamanga kwambiri mpweya umaibweza kwambiri. Ikamayenda pang'onopang'ono mapiko amayenera kuima chopendekera kuti ainyamule, ndipo kupendekera kumeneku kumadyanso mphamvu. Pakati pa ziwirizi pali liwiro limene mphamvu yotsala imachuluka koposa. Oyendetsa ndege amalitcha Vy, ndipo limalembedwa m'buku la ndege, pamodzi ndi linzake lotchedwa Vx, lokwerera kwambiri pa mtunda waufupi pamene kutsogolo kuli phiri kapena mitengo.

Pali njira ina yokwerera imene imapusitsa maso, ndipo ndi imene imasokoneza kompyuta. Ndege yothamanga ikhoza kusinthanitsa liwiro ndi mamita. Ikamauluka makilomita 500 pa ola n'kudzutsa mphuno mpaka liwiro litatsika kufika pa 250, kusinthanitsa kumeneku pakokha kungaipatse mamita osapitirira 740 kapena pamenepo. Koma zimenezi zimachitika kamodzi. Dalaivala wa lole yodzaza katundu pazitunda za Chiweta amadziwa kuti liwiro limene wabwera nalo kuchokera pachidikha limangomuthandiza pachiyambi pa chitunda, kenako ayenera kutsitsa giya n'kuvomera kukwera mmene injini ikuthera. Tsono taganizani za kompyuta imene yalamulidwa kuti, kwera mamita 15 pa sekondi mpaka ufike. M'munsi injini ikhoza kukwanitsa. Ikafika pamene injini ikungopereka mamita 8, kompyutayo imabwereka 7 otsalawo ku liwiro, sekondi iliyonse, osadziwa kuti ikudya mbewu. Liwiro likatha mapiko amasiya kunyamula, chimene oyendetsa ndege amachitcha stall, ndipo apo ndi pamene wosewera amaona ndege ya kompyuta ikuvinavina m'mwamba.

N'chifukwa chiyani injini imapereka zochepa m'mwamba? Mpweya umapepuka. Pamuyezo umene akatswiri a zandege padziko lonse amagwiritsa ntchito, kutentha kwa pagombe la nyanja yamchere kumawerengedwa kuti ndi madigiri 15, ndipo kumatsika ndi madigiri 6.5 pa kilomita iliyonse yokwera mpaka pa makilomita 11. Pofika mamita pafupifupi 6,700 mpweya umakhala utapepuka ndi theka. Injini imapuma mpweya womwewo, pulopela imakankha womwewo, mapiko amatsamira womwewo. Injini ya Merlin III, imene inali mu Spitfire ndi Hurricane mu 1940, inali ndi chipangizo chopanikizira mpweya chotchedwa supercharger, ndipo inkatha kupereka ma horsepower 1,030 pa mapazi 16,250, amene ndi mamita pafupifupi 5,000. Kupitirira apo mphamvu inkayamba kutsika, kukwera n'kumachepa mpaka pamene ndege yapulopela imangokwanitsa mapazi 100 pa mphindi, pomwe amati denga lake. Kutentha kumachitanso zomwezo ndege ikadali pansi. Bwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe lili pa mamita pafupifupi 1,230, koma masana a mwezi wa Okutobala, kutentha kukafika madigiri 30, ndege imanyamuka ngati ili pabwalo la mamita opitirira 2,000. Simuleta zabwino zimawerengera zonsezi pa ndege ya wosewera. Ndege ya kompyuta imene yanyamuka pabwalo lomwelo ikapanda kumva kutentha komweko, ndiye kuti awiriwa akuuluka m'mlengalenga mosiyana ngakhale akuonekera pa sikirini imodzi.

Wina angaganize kuti vuto lolamula mamita okwera m'malo mwa liwiro ndi la m'masewera mokha. Ayi. Usiku wa pa 14 Okutobala 2004, ndege ya kampani ya Pinnacle Airlines yamtundu wa Bombardier CRJ200 inanyamuka ku Little Rock, m'chigawo cha Arkansas ku America, kupita ku Minneapolis ilibe apaulendo, muli oyendetsa awiri okha. Iwo anaganiza zoikweza mpaka mapazi 41,000, mamita pafupifupi 12,500, omwe ndi malire enieni a ndegeyo. Anauza autopilot, kompyuta yoyendetsa ndege yokha, kuti isunge mlingo wa kukwera, ndipo inamvera, liwiro likutsika pang'onopang'ono. Inafikadi pamwambapo, koma inafika yopanda liwiro lokwanira kukhalapo. Mapiko anasiya kunyamula, injini zonse ziwiri zinazima, ndipo zinakana kuyakanso. Ndegeyo inagwa pafupi ndi Jefferson City ku Missouri, onse awiri n'kufa. Bungwe la NTSB, lofufuza ngozi ku America, linapeza zolakwa zingapo za oyendetsawo, zina zokhudza khalidwe lawo ndi mmene anachitira injini zitazima, choncho sindikunena kuti batani limodzi ndi limene linawapha. Ndikunena kuti makina owuzidwa kusunga mamita okwera amachita zimenezo mokhulupirika ngakhale mphamvu itatha, ndipo ndi khalidwe lomweli limene timaliona m'ndege za kompyuta za m'masewera.

Mankhwala ake ndi akale ndipo ndi odziwika. Ikani injini pamoto wokwerera, kenako gwiritsani ntchito mphuno posunga liwiro. Liwiro likatsika, tsitsani mphuno pang'ono. Likakwera, idzutseni. Mamita amene abwere ndi omwewo. Umu ndi mmene ndege zonyamula anthu zimakwerera tsiku lililonse. Ku America lamulo limati pansi pa mapazi 10,000 ndege isapitirire ma knots 250, omwe ndi makilomita pafupifupi 460 pa ola. Ikadutsa apo imathamangirako, nthawi zambiri pakati pa 280 ndi 300, ndipo m'mwamba kwambiri imasinthira kusunga gawo la liwiro la phokoso, monga Mach 0.78. Ikalemera ndi mafuta siyesa kufika pamwamba penipeni nthawi imodzi. Imayamba yauluka m'munsi, mafuta akapsa n'kupepukirako ndi pamene imakwera sitepe ina. Masamu a zimenezi anakhazikika kalekale. Mu 1954 Edward Rutowski wa kampani ya Douglas anasonyeza kuti kutalika kwa ndege m'mwamba ndi liwiro lake ziyenera kuwerengedwa pamodzi ngati mphamvu imodzi. M'zaka za m'ma 1980 Antonius Lambregts wa kampani ya Boeing anapanga njira yotchedwa TECS, imene imapatsa injini ntchito yowonjezera kapena kuchepetsa mphamvu yonseyo, chiwongolero n'kuchisiyira ntchito yoigawa pakati pa liwiro ndi kukwera. Chimene ndikupempha opanga masewera n'chakuti ndege ya kompyuta iliyonse ikhale ndi dongosolo lake la liwiro lokwerera, losintha malinga ndi kutalika ndi kulemera, ndipo liwiro ndi lamulo la ulendo zikasemphana, liwiro lipambane. Ndege ifike mochedwa, kapena izungulire kaye pamene ikukwera, kusiyana n'kuti idzikolowole yokha.

Zimenezi zimachiza ndege yovinavina ija. Nanga yothamangira m'mitambo ija? Apa nkhani ndi malire a injini. Mu 1940 asilikali a m'ndege a ku Britain atayamba kugwiritsa ntchito mafuta a 100 octane, oyendetsa Spitfire ndi Hurricane analoledwa kupanikiza injini ya Merlin kuposa muyezo wa masiku onse, koma kwa mphindi zisanu zokha, pangozi. Pokwera panali muyezo wina wotsikirapo, ndipo woyendetsa ankayang'anitsitsa kutentha kwa madzi ndi oilo, chifukwa ndege yokwera imayenda pang'onopang'ono, mpweya wozizitsa injini n'kuchepa pamene injiniyo ikugwira ntchito yaikulu. Wosewera wa lero amamangidwa ndi malire onsewa. Akawanyozera injini imafa. Ndege ya kompyuta ikakhala kuti siitentha, siiwerengedwa mphindi, ndiponso masamu a mapiko ake ndi ofupikitsidwa, imakwera ndi moto wapangozi ulendo wonse popanda kulipira kanthu. Osewera DCS World akhala akudandaula kwa zaka zambiri za MiG-15 yoyendetsedwa ndi kompyuta. Tisaiwale kuti MiG-15 yeniyeni, pankhondo ya ku Korea, inkakweradi bwino kuposa F-86 Sabre ya America, makamaka m'mwamba, ndiye kuti MiG iyenera kumusiya wosewera wa Sabre. Funso ndi lakuti imusiye ndi mamita angati, ndipo yankho lake lili m'mabuku a ndegezo. Kampani ya Eagle Dynamics, imene imapanga masewerawa, inalengeza yokha kuti ikukonza masamu atsopano a kaulukidwe ka ndege za kompyuta otchedwa General Flight Model, zomwe zikusonyeza kuti vutoli ikulidziwa.

Mbali imene ndimaiona kuti imanyozeredwa kwambiri ndi ya kukwera pagulu, ndipo mbiri ili ndi phunziro lalikulu pamenepa. M'nkhondo ya m'mlengalenga ya ku Britain mu 1940 munabuka mkangano pakati pa akuluakulu awiri. Keith Park, amene ankateteza London ndi kumwera chakum'mawa kwa England, ankatumiza timagulu tating'ono msanga rada ikangoona adani. Trafford Leigh-Mallory, mothandizidwa ndi Douglas Bader, ankafuna gulu lalikulu la magulu atatu mpaka asanu lochokera ku Duxford, lokamenya nthawi imodzi. Dandaulo la Park linali lakuti gulu lalikululo limachedwa kusonkhana ndi kukwera, moti nthawi zina linkafika adani ataponya kale mabomba. Olemba mbiri akadatsutsanabe za amene ankalondola, koma palibe amene amakana chifukwa chimene gulu limachedwera. Limakwera pa liwiro la ndege yofooka koposa, ndipo ku Duxford kunali ma Hurricane amene sankakwera ngati ma Spitfire. Mtsogoleri sangaike injini yake pamoto wonse, ayenera kusiyako pang'ono kuti womutsatira amene watsalira akhale ndi pomupezera. Pokhota, wakunja kwa ngodya amafunika kuthamanga kuposa wam'kati. Pambuyo pake, asilikali a m'ndege a America amene ankanyamuka kum'mawa kwa England ndi ma B-17 ndi ma B-24 ankatha ola lathunthu kapena kupitirira akuzungulira pa zizindikiro za wailesi, akukwera ndi kusonkhana, mpaka anapaka ndege zina zakale utoto wowala kuti anzawo aziziona n'kusonkhana pa izo. Mtsogoleri wa kompyuta amene amanyamuka n'kupita osayang'ana m'mbuyo amachotsa m'masewera chinthu chimene chinkalamula nkhondo zenizenizo, chomwe ndi nthawi yotayika pokwera. Kumukonza sikovuta: asiyeko mphamvu pang'ono, ayeze mtunda wa wotsalira, achepetse kukwera mpaka gulu litakwana.

Tsopano tiyankhe otsutsa, chifukwa ali ndi mfundo. Oyamba ndi opanga masewera eniake, amene amati masamu athunthu a ndege imodzi amalemetsa kompyuta, ndiye ndege makumi asanu zingatheke bwanji? N'zoona. Opanga Rise of Flight ya mu 2009 ndi IL-2 Sturmovik: Battle of Stalingrad ya mu 2014 anasankha kuti ndege za kompyuta ziziuluka ndi masamu omwewo a ndege ya wosewera, ndipo mtengo wake osewera amaudziwa: ndege zikachuluka m'mwamba masewera amayamba kukoka miyendo. Koma kukwera moyenera sikufuna masamu a nthiti iliyonse ya phiko. Bungwe la EUROCONTROL, loona za kayendedwe ka ndege ku Ulaya, lili ndi nkhokwe yotchedwa BADA, imene imafotokoza mtundu uliwonse wa ndege ndi manambala ochepa a mphamvu ya injini, kubweza kwa mpweya, kulemera ndi kapsedwe ka mafuta. Ndi manambala amenewa akatswiri amayerekezera maulendo a ndege zambirimbiri nthawi imodzi, pogwiritsa ntchito lamulo lomwe lija la mphamvu yotsala. Ndiponso TECS ija lero ikugwira ntchito m'mapulogalamu a ArduPilot ndi PX4, oyendetsa ndege zazing'ono zopanda munthu, pa kabolodi kokwana m'chikhatho. Ngati kabolodi kameneko kakutha, kompyuta yosewerera singalephere. Masamu ofupikitsa ndi ololeka, bola zotsatira zake zifanane ndi za ndege yeniyeni pa kutalika kulikonse, kulemera kulikonse ndi kutentha kulikonse.

Achiwiri amati, awa ndi masewera, ndipo mdani wa kompyuta ndi wopusa, ndiye mphamvu yowonjezerayo imangokwirira kupusa kwake kuti wosewera asapambane mophweka. Mfundo imeneyi ndi imene ndimaikana kwambiri. Munthu amene wasankha simuleta, n'kutha miyezi akuphunzira mabatani a ndege imodzi, wabwera kudzaphunzira chimene ndegeyo ingachite ndi chimene singachite. Nzeru yonse ya nkhondo ya m'mlengalenga, kuyambira pa oyendetsa ndege a nkhondo yoyamba ya padziko lonse mpaka pa John Boyd, amene m'zaka za m'ma 1960 anaiika m'masamu pamodzi ndi Thomas Christie, yagona pa kudziwa amene ali ndi mphamvu yambiri pakati pa iwe ndi mdani. Wosewera amene wachita zonse molondola, wayamba ali pamwamba, wasunga liwiro, wamukakamiza mdani kukhota mpaka kutopa, kenako n'kuona mdaniyo akukwera chilili kumutsatira, waphunzitsidwa bodza. Mawa adzasiya njira yolondolayo chifukwa masewera amuuza kuti siigwira ntchito. Mdani akhale woopsa chifukwa amafika ali pamwamba kale, amabisala kudzuwa, amagwirizana ndi mnzake, ndipo amathawa akaona kuti zamuipira. Zimenezi n'zovuta kulemba kuposa kungowonjezera nambala ya mphamvu ya injini, ndikuvomera, koma ndi ntchito imene wogula analipirira.

Achitatu ndi okonza maulendo amene anazolowera kuzemba vutoli. Iwo amati, ingoyambitsani ndege zili m'mwamba kale, kapena ikani malo odutsa ambiri pamapu, ena okwererapo pang'onopang'ono, ndipo zonse ziyenda. Pa lero uphungu wawo ndi wabwino, ndipo amene akukonza ulendo usiku uno autsatire. Atenge buku la ndegeyo, aone mphindi zimene imafuna kuti ifike pamwamba pofunikapo itanyamula katundu wake, achulukitse ndi liwiro lokwerera kuti apeze makilomita, awonjezerepo ndithu chifukwa cha gulu, ndipo asaike malo otsatira pafupi kuposa pamenepo. Asalamule liwiro la paulendo pa chigawo chokwerera, chifukwa ndege imene ikuthamangitsa liwiro limenelo imatsala ndi mphamvu yochepa yokwerera. Aonenso ngati liwiro limene akulemba ndi la pa geji ya woyendetsa kapena lenileni, poti awiriwa amasiyana kwambiri m'mwamba: pamene mpweya wapepuka ndi theka paja, geji ikamaonetsa makilomita 300 pa ola ndege imakhala ikuthamanga pafupifupi 420. Koma kuzemba kumeneku kumagwira ntchito pokhapokha zonse zikayenda mmene wokonza anaganizira. Wosewera akachedwa kunyamuka, injini ya ndege imodzi ikawomberedwa, kapena ulendo ukakhala wopangidwa ndi kompyuta yokha monga zinkachitikira mu Falcon 4.0 ya mu 1998, palibe munthu woti aikenso malo odutsa. Ndegeyo iyenera kudziwa yokha. Ndipo pulogalamu yokonzera maulendo, imene ili kale ndi manambala onse a ndegeyo, iyenera kuchenjeza wokonza nthawi yomweyo akalemba lamulo losatheka, m'malo momusiya kuti adzazindikire ataona ndege zake khumi ndi ziwiri zitamwazikana.

Ubwino wa nkhaniyi ndi wakuti ikhoza kuyezedwa, ndipo aliyense wa inu amene ali ndi simuleta angayese. Malipoti a mayeso a ndege zankhondo, monga amene ankalembedwa ku Martlesham Heath ndi ku Boscombe Down ku England, amaonetsa mphindi zimene ndege inatenga kufika pa kutalika kosiyanasiyana, kulemera kwake tsiku limenelo, liwiro lokwerera ndi muyezo wa injini, ndipo ambiri akupezeka pa intaneti. Ikani ndege ya kompyuta pabwalo ndi kulemera komweko, nyengo ikhale ya pamuyezo ija ya madigiri 15, muilamule kukwera, mulembe nthawi pa mamita 1,000 aliwonse. Kenako ulutsani nokha ndege yomweyo motsatira buku. Mukhala ndi mizere itatu: wa lipoti, wanu ndi wa kompyuta. Bwerezani mutaisenzetsa mabomba, bwerezaninso kukutentha, kenako muike ndege zinayi pagulu muone ngati zifike limodzi. Manambala amenewo ndi amene muyenera kutumiza kwa opanga masewera, mutatchula ndege, kulemera, nyengo ndi kutalika kumene mizere inayamba kusiyana, chifukwa wolemba pulogalamu akadziwa kuti kusiyanaku kukuyambira pa mamita 5,000 amadziwanso kuti akafufuze pa supercharger.